Zitsamba zathu ziyesedwe mokwanira tisanaziike m'malo mwa mankhwala a kuchipatala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mawu amene afala masiku ano m'misika ya kuno ku Ntcheu, m'mabasi a pa msewu wa M1 ndiponso m'mauthenga amene anthu akutumizirana pa WhatsApp. Mawuwo ndi akuti akatswiri a sayansi apeza kuti zitsamba zimapha tizilombo timene tinasiya kumva mankhwala a kuchipatala, choncho munthu asavutikenso ndi makapisozi, angogula botolo la madzi a mizu n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. M'mawu amenewa muli choonadi ndithu, ndipo ndi choonadi chofunika kwa dziko losauka ngati lathu, koma mmene akuchikambira ogulitsa mabotolo aja chingathe kuphetsa anthu. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka pamene ndinapuma pa ntchito, komanso ndinakulira m'banja limene khungwa la muwawani silinkasowa patsindwi, kotero sindikulemba monyoza asing'anga kapena madokotala. Chimene ndikupempha n'chakuti mitengo yathu iyesedwe moona, kuno kwathu, ndipo kufikira itayesedwa pasapezeke munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala amene walandira kuchipatala.

Vuto la tizilombo tosamva mankhwala si nthano ya kunja ayi. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa chakuti mabakiteriya amene anawadwalitsa sanamve mankhwala, ndipo dera limene linakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake linali Africa ya kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kwathu kuno umboni ulipo wochokera pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira mu 1998. Iwo anaona kuti pakati pa 2003 ndi 2016, mabakiteriya a mtundu wa Klebsiella osamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone anachuluka kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 alionse, ndipo a mtundu wa E. coli anachoka pa mmodzi kufika pa 30 mwa 100 alionse. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akabwera ali kayakaya ndi chibayo kapena matenda a m'magazi, ndiye tangoganizani za khanda lobadwa masiku osakwana limene lagwidwa ndi Klebsiella wotereyu, pamene mankhwala otsatira pamenepo ndi odula ndipo sapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma. Nawo matenda a taifodi anabuka mwamphamvu ku Blantyre kuyambira mu 2011 chifukwa cha kachilombo kosamva chloramphenicol, amoxicillin ndi bactrim, mankhwala atatu amene kale ankachiza matendawa mosavuta, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma linayambitsira katemera wa taifodi kwa ana mu 2023.

Tizilombo sitisiya kumva mankhwala mwamatsenga. M'thupi la munthu wodwala mumakhala mabakiteriya mamiliyoni, ndipo pakati pawo pamapezeka ochepa olimbirapo. Munthu akamwa mankhwala ochepa mphamvu, kapena akamwa mapiritsi anayi okha amene wagula pa benchi ku msika, ofooka amafa koma olimba aja amatsala n'kuswana, mwinanso n'kupatsira mabakiteriya a mitundu ina luso lawo lopewera mankhwala. Mlimi aliyense amene anathirapo mankhwala ochepa m'matumba a chimanga pofuna kuti botolo limodzi likwanire nkhokwe yonse amadziwa kuti anankafumbwe otsalawo ndi amene amadzamaliza chimangacho. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjezeratu za zimenezi mu 1945 polandira mphoto ya Nobel, koma ife mpaka lero timamwa amoxicillin tikamva chimfine, chimene chimayamba ndi mavairasi osati mabakiteriya, timagawana bactrim ndi anansi, ndipo ena timasungunulira nkhuku ndi nkhumba makapisozi omwewo. Zimenezi ndi zimene zatifikitsa pamene tili, ndipo n'chifukwa chake dziko lonse likusakasaka mankhwala atsopano, kuphatikizapo m'mitengo.

Kufunafuna mankhwala m'mitengo kuli ndi maziko ake. Mtengo suthawa ukagwidwa ndi tizilombo, choncho umapanga timadzi todzitetezera m'makungwa, m'mizu ndi m'masamba, ndipo kuwawa kapena kuthetha kumene timamva tikatafuna khungwa kawirikawiri kumachokera ku timadzi timeneti. Adyo amene timathira m'ndiwo ali ndi allicin, imene asayansi a ku America anaipatula mu 1944 n'kuona kuti imapha mabakiteriya. Mitengo imene timaidziwa bwino kuno, monga naphini, mvunguti, chitimbe, muwawani, nimu ndi gwafa, yafufuzidwapo m'mayunivesite a m'mayiko a mu Africa muno, makamaka ku South Africa kumene yunivesite ya Pretoria yakhala ikuyesa mitengo ya banja la naphini kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zambiri zotsatira zimasonyeza kuti madzi otengedwa m'mitengoyi amalepheretsa mabakiteriya ena kuswana. Ndikawerenga zotere ndimanyadira agogo athu, chifukwa popanda maikulosikopu anadziwa kusankha, pakati pa mitengo yonse ya m'thengo, imene ingatsuke chilonda.

Koma owerenga ayenera kudziwa mmene kuyesako kumachitikira, chifukwa apa ndi pamene ogulitsa amatisocheretsa. Wofufuza amatenga khungwa, kuliumitsa, kulipera n'kuliviika m'mankhwala osungunulira monga methanol kapena acetone, amene amakoka zinthu zimene madzi owiritsa a mumphika sangakoke. Kenako amadzala mabakiteriya m'kambale ka galasi, n'kudonthezamo madzi a khungwa aja, ndipo m'mawa mwake amayeza kukula kwa malo ozungulira dontholo pamene mabakiteriya sanamere. Malowo akakhala aakulu amalemba kuti mtengowo uli ndi mphamvu. Zimenezi n'zoona, koma ndi zoona za m'kambale. M'kambale mulibe m'mimba mogaya mankhwalawo asanafike m'magazi, mulibe chiwindi chowaphwanya, mulibenso impso zowatulutsa kapena zowonongeka nawo. Zinthu zina za m'makungwa zimene zimapha mabakiteriya m'galasi zimakakamira ku chakudya ndi ku mapuloteni a m'thupi n'kutha mphamvu zisanafike pamene pali matenda. Ndiponso mlingo wa madzi a mtengo wofunika kuti mabakiteriya aleke kuswana kawirikawiri umaposa wa mankhwala a kuchipatala kuwirikiza ka 100 kapena kupitirira apo, ndipo mlingo wotere sungafike m'magazi a munthu popanda kumuvulaza. Ngakhale sopo ndi jiki zimapha mabakiteriya m'kambale, koma palibe dokotala angalembere wodwala chibayo kuti akamwe.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndikaona zotsatira za kafukufuku wotereyu. Mitengo yambiri imaonetsa mphamvu pa mabakiteriya a mtundu wa Staphylococcus, oyambitsa zithupsa ndi mafinya a pachilonda, koma imalephera kapena imachita pang'ono pa Klebsiella ndi E. coli, chifukwa mabakiteriya amenewa ali ndi chikuto chachiwiri kunja kwawo chimene chimatsekereza mankhwala ambiri kulowa. Tsono amenewa ndi omwe aja akuzunza makanda ndi odwala m'zipatala zathu. Tionjezerepo kuti mphamvu ya mtengo imasiyana malinga ndi dothi, nyengo ndi msinkhu wake, moti khungwa losendedwa m'mapiri ozizira a ku Tsangano m'mwezi wa June silingafanane ndi losendedwa ku Bwanje nthawi ya dzinja, ndipo muona kuti mawu akuti "kapu imodzi katatu patsiku" sanena chilichonse za kuchuluka kwa mankhwala amene munthu akumwa. Tisaiwalenso kuti pafupifupi maantibayotiki onse amene tili nawo lero anachokera ku chuku ndi ku mabakiteriya a m'dothi, kapena anapangidwa m'labotale. Ochokera m'mitengo amene anafika pobayidwa m'mitsempha ya wodwala sitinawaonebe, ngakhale kuti anthu ayesa kwa zaka zambiri.

Sindikunena izi kuti tigwe ulesi, pakuti mbiri ya malungo imatiphunzitsa kuti mtengo ungapulumutse mamiliyoni a anthu ukadutsa m'njira yoyenera. Kwinini anachokera m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo asayansi awiri a ku France anamupatula mu 1820. Mankhwala a LA amene takhala tikumwa m'dziko muno kuyambira mu 2007 ali ndi mbali yochokera ku chitsamba cha Artemisia annua, chimene asing'anga a ku China ankagwiritsa ntchito kalekale. Mayi Tu Youyou ndi anzawo anafufuza zolemba zakale za asing'angawo, anayesa zitsamba zambirimbiri zimene zinalephera, mpaka mu 1972 anapatula artemisinin, ndipo mu 2015 mayiwa analandira mphoto ya Nobel. Chofunika kuchiona apa n'chakuti nzeru inachokera kwa asing'anga, koma inasanduka mankhwala odalirika pamene chinthu chenicheni chochiza chinapatulidwa, kuyesedwa pa nyama, kuyesedwa pa anthu ndi kupatsidwa mlingo wodziwika. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaletsa kuchiza malungo ndi tiyi wa masamba a Artemisia, ngakhale kuti ndi chitsamba chomwecho: m'tiyi mlingo umakhala wosadziwika, nthawi zambiri wochepa, ndipo mlingo wochepa ndi umene umaphunzitsa tizilombo kusamva mankhwala. Ngati tsiku lina tidzapeze kuti naphini kapena mvunguti uli ndi chinthu champhamvu chopha mabakiteriya, kumwa madzi ake mwachisawawa lero kungakhale kuwononga chumacho tisanachidziwe n'komwe.

Dziko lathu nalo linaperekapo kale mtengo ku zachipatala za dziko lonse, ngakhale ambiri sitidziwa. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wa kombe. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone cha m'ma 1860, anatola kombeyo, ndipo tsiku lina atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana naye anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Mbewu za kombe zinatumizidwa ku Britain, kumene Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza n'kupezamo strophanthin, amene kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ankathandizira odwala mtima. Nkhaniyi imandikhudza pawiri. Poyamba, chinthu chomwecho chimene chinkagwetsa nyama m'tchire chinkathandiza mtima wa munthu, ndipo kusiyana kwake kunali mlingo basi. Kachiwiri, alenje amene anadziwa kombe sanatchulidwe mayina ndipo midzi yawo sinapindulepo kanthu. Lero kuli pangano la mayiko la Nagoya la mu 2010, limene limanena kuti phindu lochokera ku zomera ndi ku nzeru za eni dera ligawidwe mwachilungamo, ndipo sing'anga wa ku Ganya kapena ku Kasumbu ali ndi chifukwa chomveka chobisira nzeru zake ngati palibe womutsimikizira kuti panganoli lidzagwira ntchito pa iye.

Mbali ya kafukufuku imene ine ndimaiona kuti ili ndi chiyembekezo chachikulu si yofuna mtengo wolowa m'malo mwa maantibayotiki, koma yofuna mtengo wowathandiza. Mabakiteriya ena samva mankhwala chifukwa ali ndi timapampu timene timapopera mankhwalawo kunja akangolowa. Mu 2000 ofufuza a ku America anapeza kuti zitsamba za mtundu wa Berberis zimapanga zinthu ziwiri nthawi imodzi, china chopha mabakiteriya ndi china chotseka timapampu timeneti, moti ziwirizo zikaphatikizana mphamvu yake imakula kwambiri. Mu 2017 gulu la Cassandra Quave wa ku yunivesite ya Emory linaonetsa kuti madzi a zipatso za mtengo wina wa ku Brazil, umene asing'anga a kumeneko amachizira zilonda, sapha Staphylococcus wosamva mankhwala koma amamulepheretsa kutulutsa poizoni wake, ndipo mbewa zimene zinapatsidwa madziwo sizinachite zilonda pakhungu. Izi zinali mbewa, osati anthu, ndipo ofufuzawo sanabise zimenezo. Komabe zikusonyeza kuti nzeru za asing'anga zosakaniza mitengo ingapo, ndiponso zotsuka zilonda ndi makungwa, n'zoyenera kuziyang'ana mwaulemu. Kwa ife ndingakonde kuti kafukufuku ayambire pa zilonda za pakhungu, za m'kamwa ndi zilonda zamoto, pamene mankhwala amafika mwachindunji pa tizilombo popanda kudutsa m'mimba ndi m'chiwindi.

Tsopano ndinene za ngozi, chifukwa mawu akuti "zachilengedwe sizipweteka" ndi amene amandipweteka mtima koposa. Nsatsi ndi zachilengedwe, koma njere zake zili ndi poizoni woopsa. Mwabvi unali khungwa la mtengo, ndipo makolo athu ankadziwa bwino chimene unkachita. Ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi pafupifupi 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi amene munalowa chitsamba cha Aristolochia, ndipo ena mwa iwo anadzadwalanso khansa ya njira ya mkodzo. Ngati izi zinachitika m'dziko lokhala ndi malabotale ambiri, nanga botolo lopanda chizindikiro, lodzazidwa ndi madzi a pachitsime chosadziwika, lokhala padzuwa tsiku lonse pa msika? Ngozi ina yaikulu ndi kuchedwa. Khanda limene latentha thupi n'kusiya kuyamwa, mayi amene wayamba kutuluka zonunkha atangobereka, munthu wouma khosi ndi mutu waukulu, onsewa amafunika jakisoni tsiku lomwelo, ndipo masiku awiri oyesera mizu angakhale masiku amene akanawapulumutsa. Pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chopulumutsa moyo chinali Thanzi ORS ndi dilipi zobwezera madzi m'thupi, ndipo masamba a gwafa, ngakhale amathandiza ena pa kutsegula m'mimba wamba, sakanabwezera madzi amene wodwala kolera amataya m'maola ochepa. Chimodzimodzinso chinzonono, chimene anthu amachita nacho manyazi n'kukagula mizu mobisa: zizindikiro zimatha kuzilala pamene kachilombo kadakali m'thupi, n'kupatsira mnzawo wa m'banja ndi kutseka njira ya mayi yoberekera. Za wodwala TB amene wasiya mankhwala ake a miyezi 6 chifukwa cha botolo la mumsika, sindifuna n'komwe kuziganizira, pakuti TB yosamva mankhwala imafalikira kwa ana a m'nyumba momwemo.

Asing'anga enieni a m'midzi mwathu, amene anthu amawadziwa makolo awo ndi pakhomo pawo, ambiri amadziwa malire a ntchito yawo ndipo amauza wodwala kuti uyu ndi wa kuchipatala. Amene akuwononga mbiri yawo ndi amalonda oyendayenda ndi zimkuzamawu, amene botolo lawo limodzi amati limachiza shuga, BP, chinzonono, taifodi ndi kusabereka, ndipo tsopano aphunzira kuonjezerapo mawu akuti "kafukufuku wasonyeza". Ndikupempha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lili ndi udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, kuti lizitenga mabotolo amenewa m'misika ya Lizulu, Tsangano, Chimbiya ndi kwina n'kukawayeza, kuti tidziwe ngati mulibe tizilombo, poizoni kapena mapiritsi a kuchipatala osinjidwa n'kusakanizidwamo. Pa ulendo womwewo liyang'anenso mabenchi ndi magolosale ogulitsa maantibayotiki ngati maswiti, chifukwa kuletsa mizu n'kusiya makapisozi a mumsika sikungathetse kanthu.

Kwa a Kamuzu University of Health Sciences, a MUST ku Thyolo, a LUANAR ku Bunda ndi a National Herbarium ku Zomba, pempho langa ndi lakuti agwirire ntchito limodzi ndi kupitirira pa kambale ka galasi. Ophunzira athu amalemba za mitengo imeneyi kuti alandire madigiri, koma ntchito ikathera m'kabati ya yunivesite wodwala wa ku Kasinje sapindula nayo. Mitengo iyesedwe pa mabakiteriya enieni otengedwa kwa odwala a m'zipatala zathu, iyesedwe monga mmene sing'anga amaikonzera komanso m'njira za labotale, ionedwe ngati siwononga chiwindi ndi impso, ndipo zotsatira zake, zabwino ndi zokhumudwitsa zomwe, zifalitsidwe m'Chichewa kuti mlangizi wa zaumoyo ndi sing'anga yemwe athe kuziwerenga. Mtengo ukapezeka kuti sugwira ntchito, kudziwa zimenezo nakonso n'kopulumutsa moyo. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo akamakambirana ndondomeko ya chuma akumbukire kuti malabotale a m'zipatala za m'maboma akufunika zipangizo zodzalira mabakiteriya ndi kuona mankhwala amene angawaphe, kuti dokotala asamangolota polemba mankhwala.

Zonsezi zidzatheka pokhapokha mitengoyo ikhalepo. Aliyense woyenda m'mbali mwa nkhalango za Dzonzi ndi Mvai kuno ku Ntcheu, kapena za Chongoni ndi Dedza-Salima kwa anansi athu, waona mmene makala athera mitengo yachilengedwe, ndipo miwawani yotsala pafupi ndi midzi yambiri ndi yosendedwa kuzungulira thunthu lonse mpaka kuuma, chifukwa amalonda amafuna makungwa odzaza thumba. Sing'anga wakale ankasenda mbali imodzi yokha n'kusiya mtengo kuti upole, ndipo akakumba muzu ankakwirira dzenje. Ndikupempha mafumu athu, kuyambira kwa Inkosi ya Makhosi Gomani mpaka kwa nyakwawa za m'midzi, pamodzi ndi a koleji ya zankhalango ya ku Dedza, kuti m'nkhalango za m'midzi ndi m'manazale a mbande asamangodzala bulugamu ndi paini, koma aikemonso muwawani, naphini, mvunguti ndi chitimbe, ndipo akhazikitse malamulo a m'mudzi oletsa kusenda mtengo mozungulira.

Inunso akonzi muli ndi gawo lanu. Nkhani ya kafukufuku wa zitsamba ikafika pa tebulo lanu, mtolankhani afunse ngati mankhwalawo anayesedwa m'kambale, pa mbewa kapena pa anthu, afunsenso kuti anthuwo anali angati, ndipo yankho lilembedwe m'ndime yoyamba momwe. Sabata ya pa 18 mpaka 24 November, imene dziko lonse limakumbutsana za tizilombo tosamva mankhwala, ndikupempha kuti mudzapereke tsamba lathunthu kwa dokotala, wofufuza ndi sing'anga kuti ayankhe mafunso a owerenga, ndipo mafunsowo muyambe kuwalandira kudakali nthawi.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Lizulu, Ntcheu